Za Kusunga, ndi Mau a Cingelezi Akuti Thrift

Ulaliki wa pa tsiku la Masika, pa Mchinji. Mau owerenga: Yohane 6:1-13 ndi Genesis 41.



Lero tadza ndi zipatso za m'minda mwathu pamaso pa Mulungu, cimanga ndi mtedza, soya, maungu ndi mbatata. Ndipo m'midzi monse, kuyambira kwa Mkanda kufikira kwa Mavwere, anthu ali kututa ndi kupuntha. Iyi ndiyo nyengo imene mtima wa munthu uiwala msanga, pakuti wokhuta sakumbukira Febuluwale. Cifukwa cace tiyenera kulankhulana za kusunga lero lomwe, zakudya zikali m'manja mwathu.

M'mau amene tawerenga, Ambuye anadyetsa amuna 5,000 ndi mikate 5 ndi nsomba 2 za mnyamata mmodzi. Ndipo atakhuta onse, Iye sanalola ophunzira ace kucoka mpaka atatola zonse zotsala pa udzu paja. Ndipo zotsalazo zinakwana mitanga 12. Taganizani bwino, abale. Iye amene anakhoza kucurukitsa mkate m'manja mwace, amene sakadasowa wina m'mawa mwace, ndiye amene anasamalira nyenyeswa. Ngati Mwini zonse sataya makombo, nanga ife amene tilima ndi khasu tidzataya bwanji?

Ana athu a sukulu akomana ndi mau a Cingelezi akuti thrift m'mabuku ao, ndipo aphunzitsi afunsana kuti awamasulire bwanji. Wina ati kusunga, wina ati kusinira, ndipo wina ati kuumira. Funso limeneli si la sukulu yokha, pakuti banja limene liyesa kuumira kuti ndiko kusunga lidzalira, monganso banja losasunga konse. Tsono tiyeni tione muzu wa mau amenewa, ndi m'mene eni ace awagwiritsira nchito, ndi adani ace awiri, ndi cimene ife a pa Mchinji tiyenera kucita.

I. Muzu wa mau

Mau awa sanabadwira ku England. Anadza nao anthu a ngalawa a ku maiko a kumpoto, ku Norway ndi ku Denmark, amene anaoloka nyanja, nakhala m'dziko la England zaka zoposa 1,000 zapitazo. M'cinenero cao munali mau otanthauza kugwira, kugwiritsa ndi dzanja. Ndipo pa muzu umenewo panaphuka mau awiri a Cingelezi: thrive, ndiko kukula bwino, ndi thrift. Ife alimi a fodya sitibvutika kumva ici. Tikaokera mbande m'munda, tibwera patapita masiku kudzaona. Ndipo tikapeza masamba aimirira, titi, Zagwira. Mbande yogwira ndiyo idzakula.

Cotero paciyambi mau awa sananena za munthu wowerenga makobiri ace usiku. Ananena za moyo wabwino, za mudzi wokhazikika, za banja limene ana ace ali onenepa ndi khola lace liri ndi ziweto. Patapita zaka mazana, m'zaka za m'ma 1500, ndipo anayamba kutanthauzanso njira yofikira ku moyo wotere, ndiyo kusamala zimene munthu ali nazo. Koma tanthauzo lakale lija silinafa. Kufikira lero asing'anga a ziweto, akaona mwana wa ng'ombe kapena wa nkhosa wakudya koma wosakula, wa nthiti zoonekera ndi ubweya woimirira, bvuto lace alicha ill thrift. Ndipo ciweto cokula bwino acicha thrifty.

Kulinso duwa la dzina lomweli. Limera pa matanthwe a m'mbali mwa nyanja ya mcere ku Britain, pamene dothi liri locepa ndi mphepo iri yaukali. Masamba ace akhala mothinana ngati nkhata, ndipo licita maluwa ofiirira. Kuyambira 1937 kufikira 1952 Angelezi analilemba pa ndarama yao ya makobiri 3 ya ngondya 12, kuti yense wogwira kandarama kakang'onoko akumbukire. Duwa limenelo lilandira pang'ono, lisunga cimene lalandira, ndipo potsiriza liphuka. Ndiko kumasulira kwabwino kwa mau onse.

II. M'mene eni ace awanenera

Mkazi wodziwa kuyesa ufa ndi mcere kuti zikwane mwezi, wosoka cigamba nsaru isanang'ambike yonse, Angelezi amucha thrifty, ndipo kutero ndiko kumtama. Koma munthu womwaza cuma amucha spendthrift, ndiko kunena kuti wadya moyo wabwino wa banja lace. Ife timdziwa m'fanizo la Luka 15: ndiye mwana wolowerera uja, amene anayamba ndi gawo la colowa, natsiriza ndi kusirira cakudya ca nkhumba.

Ku America sitolo ya zobvala zobvalidwa kale aicha thrift store. Ndipo zambiri za sitolo zotere ziyendetsedwa ndi mipingo ndi mabungwe a cifundo, monga Salvation Army. Zobvala zina zosagulidwa kumeneko zimangidwa m'mabelo, nizioloka nyanja, nizifika pa msika wathu. Ife tizicha kaunjika, ndi abale athu a ku Chipata azicha salaula. Inu anyamata, musacite manyazi ndi malaya otere akakhala ocapa. Camanyazi ndico kubvala suti yatsopano ya ngongole, amai anu alibe cofunda.

Mau omwewa apatsidwanso kwa mabungwe osungitsa ndarama za anthu wamba; ndipo apa pali nkhani imene mpingo uyenera kuidziwa, pakuti woyambitsa anali mbusa. M'caka ca 1810, m'mudzi wa Ruthwell ku Scotland, dziko lomwe anacokera David Livingstone, mbusa Henry Duncan anaona kuti anthu ace osauka analibe posungira. Mabanki a masiku aja anafuna mapaundi 10 kuti munthu ayambe kusunga, ndarama zimene wanchito wa m'munda sanakhoza kuzisonkhanitsa. Tsono iye anatsegula banki m'kanyumba ka m'mudzi momwemo, m'mene munthu anakhoza kuyamba ndi makobiri 6, nalandira phindu pa zosunga zace. Nzeru imeneyo inafalikira ku Britain konse ndi ku maiko ena. Ndipo m'caka ca 1924 atsogoleri a mabanki otere anasonkhana ku Milan, m'dziko la Italy, napatula tsiku la 31 Okotobala likhale lokumbutsa anthu za kusunga, nalicha World Thrift Day.

Taonani tsono, m'manenedwe onsewa mulibe amodzi otama munthu womana. Angelezi ali nao mau ena a munthu wouma manja, monga ifenso tisiyanitsa kusinira ndi kuumira. Wosinira acepetsa lero kuti onse adye mawa. Woumira acepetsa lero ndi mawa lomwe, ndipo palibe amene adya.

III. Adani awiri

Mdani woyamba ndiye kusakaza, ndipo nyengo yace ndi ino. Ife tikhala pa malire. Mseu wa ku Lilongwe upita pakati pathu, ndi cipata ca Mwami ciri pafupi. Ndipo m'miyezi ya Meyi ndi Juni ogula aimika masikelo ao pansi pa mitengo, pa Kamwendo, pa Kapiri ndi pa mphambano iri yonse. Malonda si cimo. Koma taonani m'mene zicitikira caka ndi caka. Bambo atapa cimanga m'nkhokwe, nagulitsa pa mtengo wochipa, popeza aliyense ali kugulitsa. Pofika Januwale ufa watha; ndipo apita kwa wogula yemwe uja, nagula cimanga cace comwe pa mtengo umene kawiri kawiri uli wowirikiza. Posowa ndarama atenga katapila, kapena apita ku ganyu. Ndipo pamene iye apalira munda wa mwini, wace uli kufa ndi udzu. Cotero njala ya caka cino ibala njala ya caka ca mawa.

Ndipo ndarama za m'masika zija zinapita kuti? Zina zinagula mcere ndi sopo ndi zofunika ku sukulu, ndipo pa izo palibe mlandu. Koma zambiri zinatha pang'ono pang'ono pa mowa, pa zibwenzi, ndi pa kubecha kwa pa lamya kumene kwagwira anyamata athu masiku ano. Tidziwa amuna amene aperekeza fodya wao ku okushoni ku Kanengo, fodya amene mkazi ndi ana anasoka ndi manja ao, nabwera patapita masabata ndi wailesi ndi nsapato zokha. Akulu anati, Ici cakoma, ici cakoma, pusi anagwa cagada.

Ndipo mtundu wonse ukhoza kusakaza monga banja. Ambiri a inu mukumbukira njala ya 2002. Cimanga ca m'nkhokwe za boma cinagulitsidwa m'zaka za 2000 ndi 2001. Madzi osefukira anaononga minda yambiri, ndi zokolola za 2001 zinacepa. Kumapeto kwa caka cimeneco a bungwe la Save the Children anacenjeza za njala, ataona m'mene zinaliri m'boma lathu lino la Mchinji ndi ku Salima. Koma cithandizo cinacedwa. M'mwezi wa Febuluwale 2002 Pulezidenti Bakili Muluzi analengeza kuti dziko liri pa tsoka. Anthu anadya gaga ndi zitsa za nthoci, nagulitsa mbuzi ndi ziwiya pa mtengo wa cabe, ndipo tinaika maliro ambiri. Cakudza siciimba ng'oma. Yosefe anadziwa ici, napangira Farao kuti atenge limodzi la magawo 5 a zokolola za Aigupto zaka 7 za dzinthu zambiri. Ndipo pakudza cirala, dziko linakhala ndi moyo.

Mdani waciwiri ndiye umbombo, ndipo ali woopsa koposa, cifukwa abvala cobvala ca kusunga, nakhala pa mpando wa patsogolo m'nyumba ya Mulungu. Ndiye bambo amene ali ndi ng'ombe m'khola ndi ndarama m'citini, koma mwana wace wamkazi aleka sukulu cifukwa ca yunifolomu, ndi mkazi wace adwala kunyumba cifukwa iye akaniza ndarama ya ulendo wa ku cipatala. Nyumba yotere iri ndi nthenda ya mwana wa ng'ombe uja: cakudya ciripo, koma palibe cimene cikula. Ndiyenso munthu amene atseka nkhokwe yace kudikira kuti anansi ace afike pa kufa, kuti mtengo ukwere. Pa Miyambo 11:26 tiphunzira kuti wotere anthu amtemberera.

Kumbukilani mwini cuma wa pa Luka 12, amene munda wace unabala kwambiri. Iye sanatsutsidwa cifukwa ca kumanga nkhokwe, pakuti Yosefe anamanganso. Anatsutsidwa cifukwa m'maganizo ace onse munalibe munthu wina, ngakhale Mulungu, koma iye yekha; ndipo usiku womwewo anafa. Yosefe anadzaza nkhokwe kuti adzazitsegule, ndipo anazitsegulira Aaigupto ndi alendo omwe, ngakhale abale ace amene anamgulitsa. Kumbukilaninso mana a m'cipululu: amene anawabisa mwa kusakhulupirira anawapeza ali ndi mphutsi; koma osungidwa monga mwa lamulo, kuti adyedwe pa Sabata, sanabvunda. Ndipo kumbukilani Yudase, amene anawerenga mtengo wa mafuta onunkhira a Mariya ku Betaniya, nadandaula ngati munthu wosamala, pamene anali mbala.

Cuma cobisa sicikhala cete, abale. Cimanga cidyedwa ndi anankafumbwe, nsaru idyedwa ndi njenjete, ndipo ndarama idyedwa iri m'citini momwemo. M'mwezi wa Novembala 2023 mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi magawo 44 pa 100 tsiku limodzi. Ndipo amene anakwirira ndarama zao anadzuka ali osauka, wakuba osalowa m'nyumba.

IV. Cimene tiyenera kucita

Coyamba, werengani musanagulitse. Ndipo muwerenge awiri, bambo ndi mai pamodzi. Inu amai mudziwa masiku amene thumba limodzi litha pa banja lanu. Nenani poyera, ndipo inu abambo mverani. Muwerenge kufikira masika a caka ca mawa, muonjezepo za maliro ndi za alendo. Mupatule cakudya, mupatule mbeu ya mtedza ndi soya ndi nyemba, mupatule ca Mulungu ndi ca osauka. Cotsala ndico ca malonda. Ndipo ngati mukhoza kudikira miyezi ingapo musanagulitse, dikirani.

Caciwiri, samalani cimene mwasunga. Cimanga ciume bwino cisanalowa m'thumba. Mucithire mankhwala oyenera, kapena muciike m'matumba osalowa mpweya, m'mene anankafumbwe afa okha. Ndipo matumba asakhale pa dothi. Boma lathu lichuka ndi mtedza, koma tiuononga tokha pouwaza madzi kuti usabvute kusenda, kapena kuti ulemere pa sikelo. Cinyezi cimeneco cibala cuku, ndipo m'cuku muli ululu wosaoneka umene uononga ciwindi, nupinimbiritsa ana. Ndiwonso umene unacititsa ogula a ku Ulaya kukana mtedza wambiri wa dziko lino. Wothira madzi anyenga wogula, nadyetsa ana ace omwe ululu.

Cacitatu, tolani makombo a m'munda. Mapesi ndi masangwi a mtedza asatenthedwe pofuna mbewa; akwiriridwe, kapena asanganizidwe ndi ndowe ndi phulusa kuti akhale manyowa, pakuti feteleza akwera mtengo caka ndi caka. Amai afutse mfutso wa nkhwani ndi khwanya masamba akalipo. Wodula mtengo abzale wina. Izi ndizo mitanga 12 ya ife alimi.

Cacinai, sungani pamodzi. Makolo athu anadziwa kulima dima, ndipo ambiri a inu mudziwa cipereganyu, cimene tsidya lija la malire acicha cilimba. Masiku ano kuli banki mkhonde, nzeru imene bungwe la CARE linayamba ndi akazi a ku Niger m'caka ca 1991. Bokosi lace liri ndi maloko 3, ndi makiyi ali kwa anthu 3, kuti mmodzi asalitsegule yekha. Kulinso mabungwe a SACCO, amene anagwirizana pansi pa MUSCCO m'caka ca 1980. Lowani m'menemo, koma ndi mantha a Mulungu. Wobwereka abwerekere mbeu, mbuzi kapena malonda, osati phwando. Ndipo abweze pa tsiku lace. Mkristu wothawa ndi ndarama za gulu aba kwa amasiye, nacititsa manyazi dzina la Ambuye m'mudzi monse.

Wina adzati, Ine ndine wosauka, ndidzasunga ciani? Tamverani. Cithandizo ca Mtukula Pakhomo cinayesedwa koyamba m'boma lino la Mchinji m'caka ca 2006, pa mabanja osaukitsitsa, a nkhalamba ndi odwala ndi olera ana amasiye. Ndarama zace zinali zocepa; koma oyesa anapeza kuti mabanja ambiri, atagula cakudya, anagulanso nkhuku, mbuzi ndi makasu. Ngati agogo olera zidzukulu anakhoza kutero, palibe mwa ife amene anganene kuti sakhoza. Pang'ono pang'ono ndi mtolo.

Cacisanu, kwa inu aphunzitsi a m'midzi. Mwana akafunsa tanthauzo la mau aja, musamyankhe kuti ndiko kuumira. Muuzeni kuti ndiko kusamala zocepa kuti moyo ukule. Ndipo mumsonyeze ndi maso. Pa sukulu pakhale dimba ndi dzenje la manyowa. Kope lilembedwe kufikira tsamba lotsiriza. Buku likutidwe kuti mng'ono wace adzaliwerengenso. Koma koposa zonse ana aone m'nyumba mwanu. Mphunzitsi amene malipiro ace atha sabata loyamba, nayenda m'midzi kufuna katapila, wafafaniza ndi mapazi cimene analemba ndi dzanja.

Cotsiriza, sungani kuti mukhale naco copatsa. Paulo analangiza Akorinto kuti yense apatule kanthu tsiku loyamba la sabata, monga mwa kupindula kwace, kuti pakhale cothandizira osauka a ku Yerusalemu. Ndipo akristu a ku Antiokeya, pakumva kuti njala irinkudza m'masiku a Klaudiyo, anasonkha natumiza kwa abale a ku Yudeya. Akadasakaza zonse, akadatumiza ciani? Ndipo akadaumira, akadatumiza bwanji? Makolo athu ananena zoona pamene anati, Kupatsa ndi kuika. Tsono mpingo uli wonse wa m'midzi usunge bwino zopereka za lero, akulu a mpingo azilembe m'buku, ndipo pofika Januwale ndi Febuluwale nkhokwe ya mpingo itsegukire akazi amasiye, nkhalamba ndi odwala, angakhale ali a mpingo wina kapena opanda mpingo.

Abale okondedwa, m'caputala comwe tawerengaci, patsogolo pace, Ambuye aonetsa kuti cifuniro ca Atate ndico cakuti mwa anthu onse opatsidwa kwa Iye asatayike ngakhale mmodzi. Pamenepo tizindikira cifukwa cace anasamalira nyenyeswa za mkate. Mulungu wathu sataya kanthu. Munthu amene mudzi umuyesa makombo, woledzera uja, namwali amene anacimwa, nkhalamba yosaona, Iye awerama namtola. Ndipo Iye amene sanalola kambamu ka mkate kutayika, sanaumira mwazi wace, koma anaupereka wonse pa mtanda cifukwa ca ife. Kwa Iye tiphunzira zonse ziwiri, kusunga ndi kupatsa. Ndipo wophunzira cimodzi cokha sanaphunzira kanthu.

Tipemphere. Atate wathu wa Kumwamba, Mwini mvula ndi dzuwa, tikuyamikani cifukwa ca zokolola za caka cino. Mutikhululukire pa zimene tamwaza, ndi pa zimene tamana abale athu. Mutipatse nzeru ya Yosefe pakudzaza nkhokwe, ndi mtima wa Kristu pakuzitsegula. Kuti ana athu akule, osauka adye, ndi dzina lanu lilemekezedwe m'midzi yathu yonse, tsidya lino ndi tsidya lija la malire. M'dzina la Yesu Kristu Ambuye wathu. Amen.